Musaike Mkandankhuku Pampando

Okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu ana athu amene mumakwera minibasi kuno ku Chirimba kupita ku MUBAS ndi ku KUHeS, ndi inu amene muli ku Zomba, mtendere ukhale nanu.

Lero ndili nanu mlandu. Ikafika nyengo yosankha atsogoleri a bungwe la ophunzira, ambiri a inu amene mumadzitcha opemphera mumadzitsekera m'chipinda n'kumati ndale n'zauve. Ena mumavota ndithu, koma voti mumaisinthanitsa ndi botolo la mowa, tisheti kapena mayunitsi a foni. Enanso funso lanu loyamba ndi lakuti munthuyo kwawo n'kuti.

Tsegulani Oweruza mutu 9, muona kuti zitatu zonsezi n'zakale. Abimeleki pofuna ufumu sanaonetse ntchito iliyonse imene anagwira. Anathamangira kwa abale a amayi ake ku Sekemu kukawakumbutsa kuti ndi mbale wawo, mitima yawo n'kupendekera kwa iye. Anampatsa ndalama zasiliva 70, iye n'kulembera anyamata opanda pake oti azimutsatira. Kodi si kampeni yomweyi imene mukuiona pasukulu panu? Ndiye Yotamu anawaphera fanizo: mitengo inafuna mfumu, koma mtengo wa azitona, mkuyu ndi mpesa inakana, uliwonse utatanganidwa ndi zipatso zake. Anavomera ndi mkandankhuku, chitsamba chaminga, n'kulonjeza mthunzi umene chilibe. Patangopita zaka zitatu, Sekemu ndi mfumu yake anatembenukirana, mzinda n'kupasuka.

Inu a CCAPSO, inu a SCOM, mkuyu ndi mpesa uja ndinu. Mukakana kuima ndi kuvota, mpando sukhala wopanda munthu, amakhalapo wina.

Musanene kuti n'chisankho cha masewera. Amene mumusankheyo ndiye adzasunge ndalama zimene wophunzira aliyense amasonkha ku bungwe, ndalama zochokera kwa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Chirimba. Ndiye adzakhale pamaso pa akuluakulu a sukulu fizi ikakwera, ngongole za ophunzira zikachedwa, kapena malo ogona akasowa. Ngati anagulidwa kale ndi chipani, tsiku limenelo adzayankhulira amene anamugula, inu muli panja.

Kumbukiraninso kuti mawu a ophunzira anagwedezapo dziko lino. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anaguba ku Zomba kuichirikiza, panthawi imene akuluakulu ambiri ankaopa ngakhale kunong'ona. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Ufulu umenewo lero muugulitse ndi mayunitsi?

Pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, tonse tinadabwa ndi tipeksi. Koma dzanja lofufuta manambala limayamba kuphunzira pa zisankho zazing'ono. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota. Nanga chimene lamulo laletsa kumudzi chikhale chololedwa bwanji pakati pa anthu ophunzira? Kuwongola mtengo mpoyamba. Msungichuma wa bungwe lero ndiye mlembi wamkulu wa unduna mawa.

Ife a Chipresibeteriyo sitiopa chisankho. Akulu ampingo ndi atumiki timachita kusankha, ngakhale mtsogoleri wa Sinodi amasankhidwa ndipo nthawi yake ikatha amatula. Muyeso wake Yetero anaupereka kwa Mose pa Eksodo 18: munthu waluso, woopa Mulungu, woona mtima, wodana ndi chiphuphu. Za boma lochokera kapena chiyankhulo mulibemo.

Choncho pitani kumtsutso wa opikisana. Funsani aliyense kumene kwachokera ndalama za kampeni yake. Funsani otuluka pampando kuti awerenge poyera mmene ndalama zayendera. Mtsikana wanzeru akaima, musamunyoze ndi nyimbo zotukwana. Mumvereni mfundo zake. Mukamaliza kuvota, khalani pomwepo mavoti awerengedwe inu mukuona. Ndipo amene muli ndi mphatso ya utsogoleri, imani.

Makolo, mwana akabwera kudzatenga ufa, mufunseni ngati anavota, ndiponso chifukwa chimene anasankhira munthuyo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.