PA MPHASA YA BANJA: Lonjezo la Novembala Limayesedwa mu Juni



Ife a kuno ku Lundazi tidziwa bwino ciyeso ca mwezi wa Juni. Mu Novembala mlimi apita ku kampani ya thonje, nalandira mbeu ndi mankhwala pa ngongole, nasaina kuti zokolola adzagulitsa komweko. Mvula igwa, thonje licita bwino. Tsono mu Juni atulukira wogula wina ndi sikelo yake, mtengo wokwererapo pang'ono, ndalama za pamanja. Usiku matumba acoka m'mudzi mwakacetecete. Mlimi ayesa kuti wapindula, koma caka cotsatira ngongole ibvuta kupeza, ndipo anzake osalakwa abvutikira naye pamodzi. Nzoona kuti nthawi zina makampani nawo amatsitsa mtengo mopanda cilungamo, ndipo adzayankhapo pamaso pa Mulungu. Koma kulakwa kwa mnzako sikufafaniza dzina lako papepala.

Dziko lomweli latipatsanso citsanzo cokoma. Mu 2003 a Dale Lewis anayambitsa bungwe la COMACO, lomwe linayamba kugwira nchito ndi alimi a ku Lundazi ndi a m'cigwa ca Luangwa. Alenje opha nyama popanda cilolezo anapereka mfuti ndi misampha yao ya waya, nalonjeza kusiya nchitoyo. Bungwelo linawaphunzitsa ulimi wosamala nthaka, nkumagula nshawa, mpunga ndi uci wao. Pangano lotere limaima pokhapo mbali zonse ziwiri zisunga mau ao.

Apa mpomwe pangano la Mulungu lisiyana ndi athu. Iye anapangana ndi Nowa, anapangana ndi Abrahamu, anapangana ndi Aisraele pa phiri la Sinai. Anthuwo sanacedwe kusula mwana wa ng'ombe wagolide namupembedza, koma Mulungu sanawataye. Petro analonjeza kufa pamodzi ndi Ambuye, nawakana katatu usiku womwewo tambala asanalire. Yesu atauka kwa akufa anamufunsa katatu za cikondi cake, namupatsanso nkhosa zake kuti aziwete. Ife tikagwa, mbali ya Mulungu imakhalabe ciimire, ndipo nkomwe ticotsa mphamvu yosungira mbali yathu.

Komabe tisalonjeze mwaphuma. Mwambi wathu uti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Herode analumbira pa phwando, nacita manyazi ndi alendo ake, munthu wolungama nkuphedwa. Lonjezo locita coipa si loyenera kulisunga, koma kulilapa. Nchifukwa cake Mpingo umapatsa nthawi yaitali akatekumeni asanabatizidwe, otomerana asanadalitsidwe, ndi anyamata a ku seminale asanadzozedwe. Malemu Ambuye Medardo Mazombwe anadzozedwa unsembe mu 1960, natsogolera Dayosizi yathu ya Chipata zaka zoposa 25, nakhala Kadinala mu 2010. Pomwalira mu 2013 anali atasunga mau a tsiku limodzi lija pafupifupi zaka 53.

Tsopano tibwere pakhomo. Inu bambo, munagwira dzanja la amai pa guwa, pamaso pa wansembe, ankhoswe ndi Mpingo wonse, nimulonjeza kukhala nao pa mtendere ndi pa mabvuto mpaka imfa. Amaiwo analima nanu, napalira nanu, natola nanu thonje dzuwa lili pamutu. Nanga bwanji ndalama zikalowa m'thumba musowa pakhomo sabata yathunthu, nkubwera kucokera ku boma manja lende, mwinanso ndi mbiri ya mkazi wina? Kodi kumeneku si kugulitsa zokolola kwa wogula wa usiku? Inunso amai, ulemu munalonjeza uja usathe cifukwa nkhokwe yapepuka caka cino. Ndipo nonse awiri, pa ubatizo wa ana anu munabvomera kuwalera m'cikhulupiriro. Kodi akupita ku katekisimu, kapena ali kubusa Lamulungu lililonse?

Mwezi uno ndikupemphani kanthu kamodzi. Mukatha kudya nsima madzulo, khalani awiri, ndipo aliyense achule lonjezo limodzi lomwe walinyalanyaza. Ngati ndi ngongole, pitani kwa mwini wake mukakambirane, ngakhale mulibe zonse. Ngati ndi chimo, cilapo cilipo. Amene anabweza Petro pa nchito yake sadzakukanani inu.

Ambuye wokhulupirika akudalitseni. Tidzaonananso mwezi wamawa.