Ulendo Wathu Usathere pa Karonga

Anzanga a Fomu 4, ambiri mukuti ulendo wathu wakunyanja ukathere pa Karonga poti m'pafupi. Ine ndiye ndikukana. Gombe la Karonga ndi lamchenga, pomwe mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija, timakonda m'miyala. Tipitirire mpaka ku Nkhata Bay. Kumeneko ukavala galasi lakumaso n'kuluma kapaipi kopumira, umationa tikudya ndere pamwala, pafupi ndi mphuno yakoyi!

Zoona, thiransipoti ikwera, ndipo makolo athu mpaka agulitse chimanga kapena khofi wa ku Misuku. Ndiye tiyambe kusonkha panopa, tidzanyamuke mwera utaleka. Komiti isaiwalenso kufunsa za majekete oyandamitsa. Enafe kusambira tinaphunzirira m'madzi olekeza m'mawondo.