Ku Kigali oonerera anachuluka, omaliza anachepa

Kuyambira pa 21 mpaka pa 28 Seputembala 2025, mzinda wa Kigali m'dziko la Rwanda unalandira mpikisano wa dziko lonse wa njinga zakapalasa za pamsewu. Chiyambire, bungwe la UCI lomwe limayendetsa masewerawa linali lisanabweretsepo mpikisano umenewu mu Africa. Anthu a m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, kumene njinga ndiyo ngolo, basi ndi ambulansi, ayenera kuimvetsa bwino nkhaniyi.

Mpikisano wa njinga ndi wosiyana ndi mpira. Bwalo lake ndi msewu, ndipo amene waima m'mphepete mwa msewu salipira pachipata. Wolemera ndi wosauka amaima pamodzi. Koma woonerera amafunika kupirira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amafika m'mamawa msewu usanatsekedwe, atanyamula madzi ndi kamba, n'kudikira maola padzuwa. Poyamba zimadutsa njinga zamoto za apolisi. Kenaka amatulukira anyamata ochepa amene athawa anzawo, ndipo pambuyo pake limabwera khamu lonse, matayala ali pafupi kugundana, magalimoto onyamula njinga zapadera akutsatira. Pamalo athyathyathya khamu limeneli limathamanga kuposa makilomita 40 pa ola. Munthu amene wadikira theka la tsiku amaliona kwa kamphindi, basi lapita.

N'chifukwa chake odziwa amasankha chitunda, pomwe opalasa amachepetsa liwiro ndipo kutopa kumaoneka pankhope. Ku Kigali anthu anadzaza pa chitunda chotchedwa Mur de Kigali, msewu woyalidwa ndi miyala, ena atakwera pamadenga, ng'oma ndi nthungululu zili pakati. Mwayi wawo unali wakuti mpikisano wa amuna, wa makilomita 267, unazungulira mumzindamo kangapo konse, motero amene anaima panjira yozungulirayo anawaona opalasawo mobwerezabwereza, gulu likunka licheperachepera.

Woonerera ali ndi udindo. Pampira pali mpanda, koma panjinga nthawi zambiri palibe chotchinga pakati pa wopalasa ndi anthu. Pa tsiku loyamba la Tour de France ya 2021, mayi wina anatulutsa chikwangwani mumsewu pofuna kuoneka pa kanema, osayang'ana kumene njinga zikuchokera. Tony Martin wa ku Germany anachiwomba n'kugwa, ndipo opalasa ambiri anagwera pa iye. Bwalo la milandu la ku France linalipiritsa mayiyo mayuro 1,200. Malamulo a woonerera ndi osavuta: kuima kunja kwa msewu, kugwira ana padzanja, kumanga agalu ndi mbuzi, osathamanga pambali pa wopalasa, osamukankha ngakhale pomumvera chisoni. Mpikisano wa pamudzi nawonso umafuna mwambo womwewo.

Tsopano nkhani yowawa ndi iyi. Pa 28 Seputembala mpikisano wa amuna anapambana ndi Tadej Pogačar wa ku Slovenia, atapalasa maola oposa 6. Wachiwiri anali Remco Evenepoel wa ku Belgium, wachitatu Ben Healy wa ku Ireland. Mwa anthu oposa 160 amene anayamba, 30 okha ndiwo anamaliza, ndipo mwa iwo wa mu Africa anali mmodzi, Amanuel Ghebreigzabhier wa ku Eritrea. Mpikisano wa amayi anapambana ndi Magdeleine Vallieres wa ku Canada. Africa inasesa bwalo, inaimba ng'oma, inawomba m'manja, koma mendulo zazikulu zinakwera ndege.

Sikuti mwana wa mu Africa alibe mphamvu. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana Gent-Wevelgem ku Belgium mu 2022, ndipo mu 2024 anapambana masiku atatu a Tour de France n'kutenga malaya obiriwira. Mu 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius anavala malaya achikasu a wotsogola pa Tour de France ya amayi. Ku Rwanda komweko, Tour du Rwanda inayamba mu 1988, inalowa m'ndondomeko ya UCI mu 2009, ndipo mu 2014 Valens Ndayisenga, mwana wa dzikolo, anaipambana. Ena mwa opalasa otchuka a ku Rwanda anayamba ndi kunyamula anthu ndi katundu panjinga. Chimene chinawasintha ndi mipikisano yochitika chaka ndi chaka, aphunzitsi, ndi malo ophunzitsira a ku Musanze. Mwana amene anaima m'mbali mwa msewu n'kuona, anadziwa khomo loti akagogode.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza midzi ya m'malire. Mnyamata amene amakweza matumba a mbatata ya kachewere kapena makala pa zitunda za Angónia, kulawirira kumsika wa ku Ulongwe kapena wa pa Lizulu, ali nayo miyendo ndi mapapo a wopikisana. Chimene akusowa ndi pomuyesera. Ngati palibe womuwerengera nthawi, mphamvu zake zidzathera pa matumba, ndipo palibe adzadziwe kuti akanafika pati.

Alipo amene anganene kuti anthu akufuna feteleza, mankhwala ndi milatho, osati masewera. Akunena zoona, ndipo kutseka msewu kuli ndi mtengo wake. Ku Kigali sukulu zinatsekedwa sabata yonse ya mpikisano, misewu ikuluikulu inatsekedwa maola ambiri, ndipo wamalonda amene amadalira msewu anayenera kudikira. Boma la m'malire silingachite zotere, ndipo siliyenera kuyesa. Koma mpikisano wa makilomita 30 kapena 40, Loweruka limodzi anthu atakolola, pa njinga zomwezo zonyamulira katundu, sufuna bwalo kapena chuma chambiri. Ufuna chilolezo cha administrador, apolisi ochepa pamphambano, namwino wokhala pafupi, mafumu ndi anyakwawa ochenjeza anthu awo za ziweto ndi ana, ndi amalonda opereka mphoto ya matayala, machubu kapena njinga yatsopano. Atsikana akhale ndi mpikisano wawo, pakuti nawonso amapalasa ndi zigubu za madzi ndi matumba a kuchigayo.

Phindu lina ndi la tsiku ndi tsiku. Dalaivala amene waimitsidwa kuti njinga zidutse amaphunzira kuti wapanjinga naye ndi mwini msewu. Wopalasa amene njinga yake yayesedwa asanapikisane amaphunzira kuti mabuleki ndi nyali si zokongoletsa. Pa misewu yodutsa malole akuluakulu opita kumalire, phunziro limenelo lingapulumutse moyo.

Akuluakulu oona za masewera m'chigawo cha Tete ndi m'maboma aganizirepo nthawi yokolola isanafike. Oonerera alipo kale, ndipo adzabwera osaitanidwa. Chikusowa ndi munthu woti ajambule mzere pamsewu, agwire wotchi, n'kuliza wezulo.