Nkhumba Tinaikana, Nanga Shuga?

Sabata lapitali ndinaima pa mzere wa potluck kuno ku Lanham n'kuyang'ana tebulo: makeke, madonati, mabotolo a soda, ndi mbale imodzi ya masamba itakankhidwira pakona. Tonse pa mzerewo sitidya nkhumba, sitimwa khofi, ndipo timanyadira zimenezi. Abale ndi alongo, kudziletsa kwathuku kuli ndi chibowo.

Nditadandaula, mlongo wina anati, "Aa, n'zapakamwa chabe izi. Tingogula soda ya diet basi." Ndikukana. Chilakolako cha shuga sichithera pa lilime.

Mu 2008, Ivan de Araujo ndi anzake ku Duke University anagwiritsa ntchito mbewa zosamva kutsekemera m'kamwa. (Levitiko 11 amatiletsa kudya mbewa, osati kuphunzirapo.) Anaziikira madzi wamba ndi madzi a shuga. Lilime silinkasiyanitsa, komabe mbewazo zinaphunzira kuthamangira mbali imene kunali shuga, ndipo ubongo wake unkatulutsa dopamine, uja amachititsa nyama kufunanso chimene yalawa. Ataika sucralose, wotsekemera koma wopanda mphamvu ya chakudya, sizinatengeke naye. Mu 2020 gulu la Charles Zuker ku Columbia University linaonetsa njira yake: matumbo amazindikira shuga n'kutumiza uthenga ku ubongo kudzera mu mtsempha wa vagus. Mbewa zomva kukoma bwinobwino, zitapatsidwa shuga ndi chotsekemera chopanga, pomatha masiku awiri zinali zitasankha shuga. Lilime likhoza kunamizidwa, koma matumbo amadziwa chimene alandira.

Inde, mbewa si munthu. Koma taganizani zimene timachita ku Sukulu ya Sabata. Mwana akaloweza vesi, timamupatsa switi. Akakhala chete nthawi ya ulaliki, bisiketi. Thupi lomwe Mulungu analipanga kuti lizikumbukira chakudya chopatsa mphamvu, ife tikuliphunzitsa mlungu ndi mlungu kuti mphotho ya kumvera ndi shuga. Kwathu mwana ankalimbana ndi nzimbe mpaka nsagwada kutopa, Fanta kumuona pa Khirisimasi. Kuno chitini chimodzi cha Coca-Cola chili ndi magalamu 39 a shuga, pamene American Heart Association imati mwana asafike magalamu 25 a shuga wowonjezera pa tsiku.

Mayi White anachenjeza kalekale kuti shuga wochuluka amavulaza kuposa nyama. Zili mu Counsels on Diet and Foods, buku lomwe timalitsegula tikafuna kudzudzula odya nyama, masamba enawo n'kuwadumpha. Kenako timagwada kupempherera achibale odwala matenda a shuga, manja akadali ndi kirimu wa keke.

Sindikunena kuti keke ndi tchimo. Miyambo 25:16 saletsa uchi, amaletsa kupyola muyeso. Pempho langa kwa aphunzitsi a ana ndi lakuti maswiti achoke pa vesi loloweza. Ndipo potluck ikubwerayi soda ndamuchotsa pa mndandanda wanga. Ndibweretsa chinangwa chophika ndi nkhwani wotendera.