Nthungo ya agogo si ya pa kaunjika

Ku America kuli kakhadi kapepala, kosakwana chikhatho, kokhala ndi chithunzi cha Honus Wagner, katswiri wa masewera a baseball. Makhadi otere ankaikidwa m'mapaketi a ndudu cha m'ma 1909. Kamodzi mwa iwo Wayne Gretzky ndi mnzake anakagula madola 451,000 mu 1991. Pofika 2007 kanagulitsidwa madola 2.8 miliyoni, ndipo mpaka lero amakatchula ndi dzina la Gretzky. Ogula salipira pepala lokha ayi. Amalipiranso mndandanda wolembedwa wa manja amene kakhadiko kanadutsamo.

Nanga ife kuno ku Mzimba? Ku Edingeni, ku Embangweni, kwa Mabulabo, m'nyumba zambiri muli nthungo, zibonga ndi zishango za zidzukulu za iwo amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Zishangozo chiswe chikudya. Timazikumbukira mu Ogasiti pokha, popita ku Umthetho ku Hora, ndipo wogula zakale akatulukira timamupatsa pa mtengo wa mayunitsi a foni, osafunsa n'komwe kuti mwini wake anali yani. Osewera a Arsenal tinawaloweza onse. Amene anasula nthungo ya kwathu sitimdziwa. Manyazi bwanji!

Wina ati ndi umphawi. Umphawi ulipodi, koma suletsa munthu kugwira kope ndi cholembera. Agogo akadali moyo, tikhale nawo pansi, tilembe amene anaisula, amene anaigwira, mudzi ndi mfunda wake. Ikatikanika kusunga, ku Mzuzu kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale.