Mtayo Nayenso Ndi Mwana

Kuno ku Vubwi alipo maliro amodzi amene sitikhuza. Mwana akabadwa atafa kale, amene timamutcha mtayo, amayi achikulire amapita naye kumanda okhaokha mwakachetechete, nakumba dzenje losazama. Amuna sapitako. Mayi wake amalangizidwa kuti asalire, poopa kuti mwina sadzaberekanso. Patapita masiku ochepa timamuona ali kumunda, tinsalu timene anakonzera mwanayo atatibisa pansi pa bokosi.

Makolo athu sanali ouma mtima. Ankafuna kuteteza mayiyo. Koma chisoni chotsekeredwa sichitha ayi. Chimadya munthu m'kati monga anankafumbwe m'nkhokwe.

Tsokali siligwera ife tokha. M'chaka cha 2020 bungwe la UNICEF ndi anzake analengeza kuti ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa akufa chaka chilichonse, ndiye kuti mmodzi pa masekondi 16 alionse. Ku America, m'chaka cha 2005, Mayi Cheryl Haggard atataya khanda lawo, anagwirizana ndi wojambula zithunzi Sandy Puc' nayambitsa bungwe la ojambula odzipereka. Iwowa amapita m'zipatala kukajambula kwaulere mwana wotere ali m'manja mwa makolo ake. Ena mwa ife tingaone ngati malodza. Koma chithunzicho ndi mboni yakuti mwana analipo, ndipo amene akulirayo ndi mayi ndithu.

Nanga Eklezia akuti chiyani? M'chaka cha 2007 Papa Benedikto XVI anavomereza chikalata cha akatswiri a zaumulungu chonena kuti zifukwa zilipo zoyembekezera chipulumutso cha ana omwalira asanabatizidwe. Alipo ngakhale mapemphero a maliro a ana otere, opereka mwanayo m'chifundo cha Mulungu. Tsono ngati Eklezia amamuwerengera, ife tingamutaye bwanji m'mitima mwathu?

Sitikunena kuti aliyense athamangire kujambula. Zimenezo n'zosankha makolo eni ake. Koma timufunse mayiyo ngati akufuna kumuona mwana wake, kumufungata, ngakhale kumutcha dzina. Akalira, tisamutseke pakamwa ndi mawu akuti adzabereka wina, pakuti mwana salowa m'malo mwa mnzake. Akhristu a mumphakati tipiteko ndi nkhuni ndi kaufa, tikapemphere naye, osaiwala bambo wa mwanayo amene amalirira m'mimba.

Paja akuluakulu anati maliro n'kulirana. Awanso ndi maliro.