Bwana Wosatha Kuchotsa Wantchito: Madandaulo a Ife Ovota

Kwa olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Ife tikulembafe ndife alonda, ogulitsa m'magolosale, antchito a m'nyumba ndi achinyamata osaka ntchito. Zowawa za kulembedwa ntchito timazidziwa. Mlonda asanagwire chibonga ndi tochi amafunsidwa kalata ya kupolisi ndi dzina la bwana wake wakale, mwinanso satifiketi ya MSCE. Akalowa amayamba wayesedwa kaye, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limalola kuti munthu waluso ayesedwe mpaka miyezi 12. Akapezeka akusinza pageti, kukacha wamanga katundu.

Inunso tidakulembani ntchito ndife. Tidaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, chala chathimbirira inki, ndipo malipiro anu amachokera pa msonkho womwe timadulidwa tikagula sopo ndi mayunitsi. Nanga bwanji ubwana wathu umangothera m'kachipinda kovotera?

Dandaulo loyamba ndi la kafunsidwe. Malamulo amafuna kuti phungu akhale nzika ya zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa ovota, wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Zina zonse tikadafunsa tokha pamsonkhano, koma kumeneko kumangokhala magule, nthungululu ndi malonjezo. Wokweza dzanja kuti afunse za mlatho womwe udalonjezedwa chisankho chapita amatchedwa wotumidwa. Kwinako wofuna ntchito akapatsa womufunsa kenakake, timati ziphuphu. Pakampeni zitenje, matisheti ndi tindalama zimagawidwa masanasana, chonsecho lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama pokopa ovota.

Lachiwiri ndilo likutidya mumtima. Malamulo aakulu a dziko a 1994 adali ndi Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane. Mu 1995 aphungu adalifafaniza. Antchito adakhala pansi okhaokha n'kugwirizana kuti bwana asamawachotse. Kuchokera pamenepo, phungu kaya wasamukira ku Lilongwe n'kusintha nambala ya foni, kaya sadatsegulepo pakamwa m'Nyumbamo, ife tizingoyang'ana zaka zisanu zathunthu.

Lachitatu, ena tidawasankha atavala makaka a chipani china, koma pakutha pa miyezi yochepa tikuwaona pa nsanja ya chipani cholamula. Gawo 65 lothana ndi mchitidwewu lilipo, koma limagwira ntchito mwa apo ndi apo. Kodi mlonda angasiye geti lomwe adalembedwera, n'kukalondera kwa aneba, malipiro n'kumalandirabe kuno?

Lachinayi ndi la ndalama za chitukuko za CDF. Wogulitsa m'golosale amawerengetsa katundu ndi ndalama madzulo aliwonse, ndipo zikaperewera amadulidwa pamalipiro. Ife timangoona maziko a chipinda chophunziriramo atamera udzu, njerwa zikusungunuka ndi mvula, popanda wotiuza kuti zidabwera zingati ndipo kontirakitala adapita kuti.

Zopempha zathu n'zosavuta kumva. Bwezeretsani Gawo 64, ndi ndondomeko yoti lisasanduke chida cha olephera chisankho. Phungu aliyense azibwera kudera lake kamodzi pachaka kudzayankha mafunso pabwalo, mafumu ali pomwepo. Ndalama za chitukuko zizimatidwa pakhoma la ofesi ya khonsolo ndi pasukulu, dzina la kontirakitala lili pambali. Wogawa ndalama pakampeni azilangidwa monga lamulo likunenera.

Tikudikira yankho lolembedwa, Nyumba isanatseke zokambirana zake.

Ife,
Ovota okulembani ntchito